Ng'ombe Inadzandira, Mwini Wake Nadzandiranso: Lipoti la Wodwala Amene Tinamuganizira CJD

Lipotili likunena za bambo a zaka 64, mlimi wa thonje komanso woweta ng'ombe wa m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu, amene tinawasamalira kuyambira mu Okutobala mpaka pamene anatisiya mu Febuluwale. Ine ndine clinical officer pa chipatala china cha kuno ku Chigwa cha Shire, ndipo ndine ndinawalandira tsiku loyamba. Banja linavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, bola dzina lawo ndi la mudzi zisatchulidwe.

Matenda amene tinawaganizira ndi a Creutzfeldt-Jakob, mwachidule CJD. Ndi osowa kwambiri: pa anthu miliyoni imodzi amagwira mmodzi kapena awiri pa chaka, moti ambiri a ife tidzapuma ntchito tisanawaone kawiri. Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi nyama ya ng'ombe imene inalowerera pa nkhaniyi, komanso mayi amene anatsala pang'ono kuthamangitsidwa pakhomo chifukwa cha mutu wa ng'ombe umene anaphikira amuna awo.

Mmene anabwerera

Anafika pa ngolo masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, atagonekedwa pa mphasa. Anabwera ndi akazi awo aang'ono ndi mwana wawo wamkazi wa kunyumba yaikulu. Dandaulo linali kuyenda modzandira, kuiwala ndi kusaona bwino.

Mayiwo anati anayamba kuona zachilendo mu Seputembala. Bambowa anali ndi ng'ombe 17 ndipo iliyonse ankaidziwa maanga ake, mayi wake ndi chaka chimene inabadwa. Madzulo ena anaima pakhomo la khola n'kuwerenga katatu konse osafika kumapeto, kenaka anakalipira mnyamata wobusa kuti wataya ng'ombe zimene eni akewo anazigulitsa kalekale. Patapita sabata anayamba kuphonya khomo, kugunda felemu ndi phewa, n'kumanena kuti khoma la nyumba lapendekeka. Mayendedwe anasanduka a munthu woledzera, chonsecho mowa anausiya zaka zoposa 20 zapitazo atalowa mpingo. Ku chipatala chaching'ono cha kwawo anawayeza malungo osawapeza, anawapatsa mavitamini, ndipo poona kuti akudandaula za maso anawalemba pa mndandanda wa odikira opaleshoni ya ng'ala. M'mbali mwa mutu munali mphini zatsopano, ndipo mayiwo sanabise kuti anadzera kwa sing'anga.

Nkhani ya ng'ombe anaitulutsa ndi mwana wamkazi uja, monong'ona, mayi ake aang'ono atapita kukatunga madzi. Chakumapeto kwa Ogasiti ng'ombe yaikazi imodzi inasiya kudya, inayamba kuzungulirazungulira ikukweza miyendo ngati ikuoloka madzi, kenaka inagwa n'kumapalasa pansi thovu lili kukamwa. Tsiku lachitatu, poona kuti sidzukanso, anaizinga isanafe yokha. Nyama inagulitsidwa motchipa, ina pa ngongole, ndipo inalowa m'makomo 11. Mutu unatsalira mwini ng'ombe monga mwa nthawi zonse. Anauphika ndi mayi aang'onowo, ndipo ubongo anadya bambowa okha.

Mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Blantyre atamva kuti ng'ombe inadzandira ndipo tsopano akudzandira ndi bambo ake, anafufuza pa foni n'kupeza za matenda a misala ya ng'ombe a ku Britain. Anaimba kumudzi usiku womwewo. Kuyambira pamenepo bambowa anawapatulira mbale, kapu ndi mphasa, adzukulu analetsedwa kulowa m'nyumba, ndipo makomo 11 aja anakhala ali njenjenje. Abale ena sanazimvere za pa fonizo. Iwo ankati mu mphika muja munathiridwa mankhwala. Kaya ndi matenda a ng'ombe, kaya ndi mankhwala, chala chinkaloza munthu mmodzi, amene anaphika.

Ndinamufunsa mwana wamkazi uja kuti, "Nanga ng'ombe isanadwale, bambo anali bwinobwino?" Anayamba wavomera, kenaka anakhala chete. Anakumbukira kuti mu Julaye, pogulitsa thonje lomaliza, bambo ake analephera kuwerenga ndalama n'kumupatsira iye, chinthu chimene sanachitepo chibadwire chake. Anakumbukiranso kuti nyengo yozizira yonse sankagona, ankakhala pakhonde mpaka tambala woyamba. Mayi aang'ono nditawafunsa paokha ananena zomwezo. Ndiye kuti matenda anayamba ng'ombe ija ikudya msipu ili yathanzi. Yankho limeneli ndi limene linadzathandiza banjali kuposa mankhwala onse amene tinapereka.

Zimene tinapeza

Thupi silinali lotentha (36.8), BP inali 138/84, shuga wa m'magazi 5.6, ndipo khosi linali lofewa. Sankadziwa mwezi kapena malo amene ali, koma mwana wawo anamuzindikira. Poyenda ankatangadza miyendo, ndipo popanda wowagwira akanagwa. Chala sichinkafika pamphuno, mikono inali yolimba poipinda. Ng'ala inalipo pang'ono m'maso onse, koma yosakwanira kufotokoza khoma lopendekeka. Ndili mkati mowayeza, gadiyani wina anagwetsa beseni lachitsulo pa simenti, ndipo thupi lonse la bambowa linadzidzimuka, mikono n'kugwedezeka mwamphamvu kangapo ngati agwidwa ndi magetsi. Ndinaomba m'manja pafupi nawo, zinachitikanso chimodzimodzi. Anesi a usiku analemba kuti kugwedezekako kunkabwera ngakhale ali m'tulo.

Munthu akasokonezeka mutu mofulumira chonchi kuno kwathu, pali matenda ochizika amene tiyenera kuwathamangira tisanaganize za osowa. HIV tinayeza kawiri, sinapezeke. Chindoko, malungo ndi cryptococcus (kachilombo ka mtundu wa fangasi kamene kamagwira ubongo) m'magazi sizinapezeke. Magazi anali okwanira, impso ndi chiwindi zili bwino. Ndinayang'anitsitsa khungu la m'khosi ndi la kunja kwa manja chifukwa cha pellagra, nthenda ya kusowa vitamini wina wa gulu la B, imene imasokonezanso mutu ndipo si yachilendo kumene anthu akudalira nsima yokha. Mu 1990 inagwira anthu oposa 18,000 m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique kumwera kwa dziko lino. Khungu linali losalala ndipo sankatsegula m'mimba, komabe tinawayambitsa mavitamini a gulu la B, kuphatikizapo thiamine, chifukwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kuphonya matenda ochizika.

Chiwewe ndinachiganizira kwambiri chifukwa cha thovu la ng'ombe ija. Koma bambowa ankamwa madzi bwinobwino, ndipo chiwewe chikaonekera sichisunga munthu miyezi. Chimatha naye m'masiku owerengeka.

Tsiku lachiwiri ndinatenga madzi a pamsana. Anatuluka oyera mbee, osathamanga. Ku labu sanapezemo maselo a chitetezo, puloteni ndi shuga zinali pamlingo wake, ndipo cryptococcus ndi TB sizinapezeke. Ubongo umene ukuwonongeka msanga chotere, koma madzi ake osaonetsa nkhondo iliyonse, thupi losatentha, munthu wodzidzimuka ndi phokoso: apa m'pamene CJD inabwera m'maganizo mwanga.

Tinawatumiza ku Blantyre, kumene sikani ya CT sinaonetse chotupa, magazi oundana kapena sitiroko. Mu CJD sikani imeneyi kawirikawiri imaoneka yabwino, ndipo phindu lake ndi kuchotsa matenda ena. Madokotala kumeneko anayesa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, poganizira kutupa kwa ubongo kobwera chifukwa chitetezo cha thupi chaukira mwini wake, koma sanasinthe. Anabwerera kwa ife ndi ganizo lofanana ndi lathu. Malinga ndi ndondomeko ya bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, munthu amene nzeru zake zikutha mofulumira pasanathe zaka 2, ali ndi zizindikiro ziwiri mwa zinayi (kugwedezeka kodzidzimuka, vuto la kuona kapena kudzandira, kulimba kwa ziwalo, ndi kungogona osayankhula osasuntha), ndipo matenda ena achotsedwa, amalembedwa kuti akuganiziridwa CJD. Bambowa anali ndi zitatu pofika, chachinayi chinabwera mu Januwale. Kutsimikiza kwenikweni kumafuna kupima ubongo munthu atamwalira, ndipo izi sizinachitike. Choncho m'fayilo mwalembedwa kuti CJD yongoyamba yokha, yoganiziridwa.

Kodi inali nyama?

Kuti funsoli liyankhike pafunika kudziwa chimene chimayambitsa matendawa, chifukwa sichifanana ndi tizilombo timene tinazolowera. Si bakiteriya, si vayirasi. Ndi puloteni, ndipo Stanley Prusiner anaitcha prion mu 1982, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1997. Puloteni imeneyi tonse tili nayo m'ubongo, yopindidwa bwino. Vuto limayamba imodzi ikapindika molakwika, chifukwa ikakhudza inzake yabwino imaipotoza kuti ifanane nayo. Banjali ndinalifotokozera ndi chikombole cha njerwa: chikombole chikapotoka njerwa zonse zimatuluka zopotoka, koma pano njerwa iliyonse yopotokayo imasandukanso chikombole. Zopotokazo zimaunjikana, maselo a ubongo amafa, ndipo ubongo ukauika pa maikulosikopu umaoneka wa timabowo ngati chinkhupule. Popeza puloteniyo ndi ya thupi lomwelo, chitetezo sichiiona ngati mdani. N'chifukwa chake thupi silitentha ndipo madzi a pamsana amatuluka oyera.

Pa odwala CJD 100 alionse, pafupifupi 85 matendawa amangoyamba okha, popanda chimene anadya kapena kukhudza, ndipo ambiri amakhala a zaka za m'ma 60. Ena 10 mpaka 15 ndi akumtundu. Otengera kuchokera kunja ndi ochepa zedi, koma ndi amene atchuka, ndipo nkhani zawo ndi ziwiri.

Yoyamba ndi ya kuru, pakati pa anthu a mtundu wa Fore ku mapiri a Papua New Guinea. Vincent Zigas ndi Carleton Gajdusek anaifotokoza mu 1957, pamene inkapha anthu pafupifupi 200 pa chaka, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Dzinalo m'chinenero chawo limanena za kunjenjemera. Eni ake ankati ndi ufiti, ndipo amuna ambiri oganiziridwa kuti alodza anaphedwa chifukwa cha zimenezi. Gwero lake linali mwambo wa maliro: polira ndi polemekeza m'bale wawo, ankadya thupi lake, ndipo ubongo unkapita kwa amayi ndi ana. Pofika 1966 Gajdusek ndi anzake anali ataonetsa kuti ubongo wa wodwala kuru ukabayidwa mwa chimpanzi, nayenso amadwala. Mwambowo unatha cha m'ma 1960, ndipo matenda anayamba kuchepa, koma pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa ena anadzadwala patapita zaka zoposa 50 chidyereni. Mfundo ziwiri za kuru zinandithandiza pa bambo athuwa. Odwala aang'ono kwambiri anali a zaka pafupifupi 5, kusonyeza kuti ngakhale munthu atadya ubongo wa munthu mnzake wodzaza ndi prion, pamapita zaka asanadwale. Ndipo ana amene anabadwa mwambowo utatha sanadwale, ngakhale amene anabadwa kwa amayi odwala kuru, kuyamwa bere lawo ndi kugona nawo mphasa imodzi.

Yachiwiri ndi imene mwana wa ku Blantyre anaiwerenga. Matenda a misala ya ng'ombe, BSE, anadziwika ku Britain mu 1986. Anafala chifukwa zotsalira za nyama zophedwa, mafupa ndi ubongo womwe, zinkagayidwa n'kusakanizidwa mu chakudya cha ng'ombe zina. Ng'ombe inkadyetsedwa ng'ombe inzake. Boma linaletsa chakudya chimenechi mu 1988, ndipo mu 1989 linaletsa kuti ubongo, mtsempha waukulu wa m'fupa la msana ndi ziwalo zina zilowe m'chakudya cha anthu. Ngakhale zinali choncho, chiwerengero chinakwerabe mpaka 1992, chaka chimene ng'ombe zoposa 37,000 zinapezeka nawo, chifukwa ng'ombe imatenga zaka 4 kapena 5 isanaonetse. Zonse pamodzi zinaposa 180,000. Mu Malichi 1996 boma la Britain linalengeza za mtundu watsopano wa CJD mwa anthu wogwirizana ndi nyama imeneyi. Ku Britain wapha anthu 178. Ambiri anali achinyamata, theka la iwo anamwalira asanapitirire zaka 28, matenda ankayamba ndi kukhumudwa, nkhawa ndi kuwawa kwa ziwalo, ndipo ankadwala kupitirira chaka. Anthu mamiliyoni anadya nyama ya nthawi imeneyo, koma prion ya ng'ombe siwoloka mosavuta kulowa mwa munthu.

Ulendo wa prion yodyedwa ndi wautali. Moto wa pamafuwa suiwononga, asidi wa m'mimba suigaya. Imalowa kudzera m'timagulu ta maselo a chitetezo ta m'khoma la matumbo, imachulukana m'menemo, mu kapamba ndi m'matonsilo, kenaka imakwera pang'onopang'ono potsata mitsempha mpaka kumsana ndi ku ubongo. Ndi ulendo wa zaka, osati masabata atatu.

Tikaika zonsezi pambali pa bambo athu, ng'ombe ija ilibe mlandu. Anayamba kudwala isanadwale. Msinkhu wawo ndi mayendedwe a matenda ndi a CJD yongoyamba yokha. Ng'ombeyo inagwa m'masiku atatu, pamene BSE imaidya ng'ombe kwa masabata kapena miyezi. Inabadwira m'khola lomwelo ndipo moyo wake wonse inadya msipu wa kudambo ndi mapesi, osati chakudya cha mafupa ogaya. Ku Malawi kuno sikunalembedwepo ng'ombe yopezeka ndi BSE. Izi sizikutanthauza kuti Africa ndi yotetezeka mwachibadwa ku matenda a prion a ziweto: mu 2018 analengeza za matenda otere mwa ngamila za ku Ouargla, ku Algeria. Ndipo lamulo losadya ubongo wa chiweto chimene chinali kudzandira ndi labwino kulikonse.

Singano ndi zida

Apa pali chimene ndinalakwitsa. Potumiza madzi a pamsana ku labu sindinalembe chenjezo lililonse pa fomu, chifukwa CJD inali isanabwere m'mutu mwanga. Pamene ndinkapita kukawauza m'mawa mwake, kagalasi kowerengera maselo kanali katatsukidwa mwa nthawi zonse n'kugwiritsidwanso ntchito. Ngozi yake inali yaing'ono, popeza madzi a pamsana sakhala ndi prion yambiri ngati ubongo, kagalasiko sikalowa m'thupi la munthu, ndipo mnzathu wa ku labu anavala magolovesi osadzicheka. Singano inali yogwiritsa ntchito kamodzi ndipo inapita kukaotchedwa. Komabe anayenera kudziwa chimene akugwira, ndipo ndinamupepesa.

Prion siifa ndi spiriti, formalin (mankhwala osungira mitembo) kapena kuwiritsa, ndipo autoclave (makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi) ya madigiri 121 imene timadalira siikwanira payokha. Mu 1977 kunalembedwa za odwala awiri achinyamata ku Zurich amene anatenga CJD kudzera mu mawaya opimira ubongo amene anagwiritsidwa ntchito pa wodwala CJD n'kutsukidwa ndi spiriti ndi formalin. Anthu oposa 200 anaitenga kudzera mu mankhwala okulitsa ana opangidwa kuchokera ku ziwalo za m'mutu mwa anthu omwalira, amene anasiyidwa mu 1985, ndipo enanso oposa 200 kudzera mu chikopa chokuta ubongo choikidwa pa opaleshoni. Chimene chimagwira ntchito, mwa zimene tili nazo pafupi, ndi klorini wa 2% kwa ola lathunthu. Ameneyu ndi yemwe uja tinkasungunula m'misasa ya kolera potsuka mitembo ndi ndowa za masanzi, choncho aliyense pa wodi ankadziwa kapangidwe kake. Tinaviika kagalasi ndi tebulo la ku labu, ndipo zotsala zonse tinaotcha. Klorini wotere amadya zitsulo, motero chida chimene chakhudza ubongo kapena mkati mwa diso n'kwabwino kungochiotcha.

Chimene chinandidetsa nkhawa koposa chinali mndandanda wa ng'ala uja. Pa tsiku la opaleshoni ya maso anthu ambiri amadutsa motsatizana pa zida zochepa, ndipo kuseri kwa diso ndi kumodzi mwa malo amene prion imachuluka. Tinaimba foni kuti dzina lawo lichotsedwe ndipo tinalemba ndi inki yofiira m'buku lawo la kuchipatala. Wodwala wachikulire amene akudandaula za maso koma akudzandiranso ndi kuiwala, ayambe wapimidwa mutu asanalembedwe.

Kukumana ndi banja

Tinakumana kumudzi, pansi pa mtengo wa nimu, Loweruka lina mu Novembala. Panali akulu awo a bambowa, akazi onse awiri, ana, a nyakwawa, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi mlangizi wa ziweto, komanso anthu a m'makomo 11 aja atakhala chapatali. Mayi aang'ono anakhala okha kumapeto kwa mphasa.

Sindinayambe ndi prion. Ndinapempha mwana wamkazi uja kuti anene yekha za ndalama za thonje, ndipo mayi aakulu, amene anali asanalankhulepo, anavomera kuti za kusagona anaziona nawonso. Ndinafunsa a nyakwawa mwezi umene ng'ombe inazingidwa, anati Ogasiti. Anthu anawerenga okha miyezi.

Mwana wa ku Blantyre anati, "A dokotala, ine ndinawerenga kuti matendawa alibe mankhwala ndipo amachokera ku ng'ombe. Mukuti ndinanama?"

Ndinati, "Simuname, achimwene. Zoti alibe mankhwala n'zoona, ndipo zoti ku Britain anachokera ku ng'ombe n'zoona. Koma a bambo anu ndi a mtundu wina, ongoyamba okha, ndipo anawayamba ng'ombe ili moyo. Mukanapanda kuimba foni ija sitikanadziwa za anyamata amene anasenda ng'ombe ija."

Akulu awo anafunsa funso limene aliyense ankaliyembekezera: ngati si ng'ombe, ndani? Ndinayankha kuti palibe munthu, ndipo matendawa amagwira anthu a msinkhu umenewu m'maiko onse, odya nyama ndi osadya omwe. Sindinganene kuti onse anakhutira. Koma atafunsa ngati ana adzadwalanso, ndinawafunsa za makolo awo, ndipo anati onse anafa ali nkhalamba, nzeru zili bwinobwino, ndipo palibe m'bale amene anadwalapo chonchi. Zimenezi zinawakhazika mtima pansi.

Mwana wamkazi anafunsa za mbale. Ndinamuuza kuti CJD siyenda m'malovu, thukuta, mkodzo, chimbudzi kapena mpweya. Angathe kudya nawo, kuwasambitsa, kuwagwira dzanja, ndipo adzukulu alowe. Magolovesi ndi a pa zilonda ndi magazi, monga tichitira ndi wodwala aliyense.

Mlangizi wa ziweto ndiye anatembenuza nkhani kuloza kumene kunali ngozi yeniyeni. Anafunsa anyamata atatu amene anasenda ng'ombe ija zimene anaona mkati. Anati mtima unali m'thumba lodzaza madzi ndipo mapapo anali a thovu. Iye anati zimenezo, pamodzi ndi kuzungulira ndi kupalasa, zikufanana ndi heartwater, matenda obwera ndi nkhupakupa amene sagwira anthu. Koma ng'ombe ya chiwewe nayonso imadzandira ndi kutuluka dovu, ndipo mutu umene ukanapimidwa unali utadyedwa. Mmodzi mwa anyamatawo anali atadzicheka ndi mpeni poswa mutuwo, wina anapisa dzanja m'kamwa mwa ng'ombe ili moyo poganiza kuti yatsamwa. Nyama yophikidwa bwino sipatsira chiwewe, koma malovu ndi ubongo wauwisi pa bala zingathe. Ngakhale panali patapita miyezi yoposa iwiri, katemera amaperekedwabe munthu asanayambe kudwala, ndipo onse atatu tinawayambitsa Lolemba lake. Mlangizi wa ziweto anawakumbutsanso za matenda a anthrax, amene anapha mvuu ku Liwonde mu 2018: chiweto chikafa mwadzidzidzi, chitatupa, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, chisatumbulidwe n'komwe.

Mkulu wina anayankha kuti, "Ng'ombe sitikwirira, bambo. Imeneyo ndi fizi ya ana." Ananena zoona. Munthu amene madzi osefukira amulanda mbewu chaka ndi chaka, ng'ombe ndiye banki yake, ndipo akaikwirira palibe amene amamubwezera kanthu. Mlangizi sanatsutse, anangopempha kuti azimuimbira mpeni usanalowe, ndipo mutu ndi fupa la msana la chiweto chodzandira azisiya osaswa.

Mmene anathera

Banja linasankha kuwasamalira kunyumba, ndipo ine ndinagwirizana nalo. Pofika Disembala sankayendanso. Kugwedezeka kunachuluka mpaka kuwalepheretsa kugona, ndipo kunachepa ndi sodium valproate, ndi diazepam pang'ono usiku. Tinaphunzitsa banja kuwatembenuza maola awiri alionse, kuwakhazika tsonga powadyetsa, ndi kuwapatsa phala lolimbirako m'malo mwa lamadzimadzi limene linkawatsamwitsa. M'nyengo yotentha ya kuno zilonda za pogonera zimabwera msanga. Chinatuluka chimodzi pa chiuno ndipo sichinakule. Mu Januwale anasiya kuyankhula, maso ali otsegula koma osatsata munthu. Za chubu chodyetsera cha m'mphuno tinakambirana, ndipo banja linakana titafotokoza kuti sichisintha mathero. Pamene ankabuula powatembenuza tinawapatsa morphine wakumwa.

Amene ankawadyetsa miyezi iwiri yomalizayi anali mayi aang'ono, chifukwa supuni ya wina aliyense ankaikanira mano. Mayi aakulu ndi amene anandiuza zimenezi.

Anamwalira mu Febuluwale ndi chibayo chobwera chifukwa chotsamwa, patatha miyezi pafupifupi 8 chiyambire zizindikiro zoyamba. Za kupima ubongo ndinazitchula kamodzi, banja linakana, ndipo sindinaumirize, popeza kutsegula chigaza cha wodwala wotere kumafuna malo ndi zida zapadera. Thupi limene silinatumbulidwe lingathe kusambitsidwa, kuonedwa nkhope ndi kuikidwa m'manda mwa mwambo wake, ndipo ndi mmene zinachitikira. Osambitsa tinawapatsa magolovesi chifukwa cha chilonda chija.

Maliro atatha, mwana wa ku Blantyre anabwera kudzapempha kalata yonena kuti bambo ake sanafe ndi chakudya chimene anapatsidwa, kuti ikawerengedwe pa tsiku lokambirana za katundu. Ndinalemba mizere inayi, dokotala wamkulu anasainira. Mayi aang'ono akadali m'nyumba yawo. Anyamata atatu aja anamaliza katemera ndipo ali bwino, ndipo mlangizi wa zaumoyo akuyenderabe makomo 11 aja popanda wodwala.

Mvula ili mkati, ng'ombe ina ya m'mudzi womwewo inagwa ndipo inadyedwa mlangizi wa ziweto asanafike, msewu utaduka ndi madzi. Mutu anausunga osaswa, anaukulunga m'thumba la pulasitiki n'kumupatsa atafika, ndipo amuna awiri amene anasenda anabwera okha pa chipatala m'mawa mwake kudzafunsa za katemera.